Nkhawa za Mayi Woyembekezera ndi Mahomoni a Mwana Wake

Munthu akaponda pafupi ndi njoka m'kanjira ka kudimba, thupi lake limasintha asanaganize n'komwe chochita. Mtima umathamanga, m'kamwa mumauma, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo miyendo imapeza mphamvu zimene mwini wake samadziwa kuti ali nazo. Njokayo ikalowa m'tchire, pakapita kanthawi zonse zimabwerera m'malo mwake. Koma pali zoopsa zina zimene sizilowa m'tchire: ngongole ya katapila, nkhokwe youma mu Januwale, mwamuna womenya, mwana wodwaladwala. Zoterezi munthu amagona nazo n'kudzuka nazo, ndipo thupi limakhala lili tcheru miyezi yathunthu. Zikagwera mayi wapakati, matupi okhudzidwa amakhala awiri.

Cortisol ndi kumene amachokera

Mahomoni ndi timadzi timene tiziwalo tina timathira m'magazi kuti tikauze ziwalo zakutali chochita. Awiri mwa mahomoniwa ndiwo amagwira ntchito pa nthawi ya mantha, ndipo onse amachokera ku tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, timene tili pamwamba pa impso, kamodzi uku kamodzi uku. Woyamba ndi adrenaline. Ameneyu ndi wachangu: ndiye amathamangitsa mtima munthu akangoona njoka, ndipo sachedwa kutha. Wachiwiri ndi cortisol, amene amabwera mochedwerapo, amafika pachimake pakapita mphindi 20 kapena 30, n'kukhalitsa m'magazi.

Lamulo lotulutsa cortisol limayambira mu ubongo. Kachigawo ka kunsi kwa ubongo kotchedwa hypothalamus kamatulutsa homoni ya CRH. Homoniyi imafika pa kachiwalo koyandikana nako, ka pituitary, kamene kamathira m'magazi homoni ina ya ACTH, ndipo imeneyi ndiyo imakadzutsa tiziwalo ta pa impso tija. Cortisol akatuluka amachulukitsa shuga m'magazi kuti minofu ndi ubongo zipeze chakudya, amathandiza kuti magazi aziyenda mwamphamvu, komanso amaimitsa kaye ntchito zimene zingathe kudikira, monga kukula ndi mbali zina za chitetezo cha thupi.

Chofunika kwambiri pa nkhani ya ana ndi mmene ntchitoyi imazimira. Cortisol yemweyo amabwerera ku ubongo n'kukamata pa tizinthu ta m'maselo timene ntchito yake ndi kumulandira, timene tingatchedwe zolandirira. Zikadzaza, ubongo umadziwa kuti cortisol wakwana ndipo umasiya kulamula. Munthu amene ali ndi zolandirira zambiri sachedwa kukhazikika choopsa chikapita. Amene ali ndi zochepa, cortisol wake amachedwa kutsika. Zikapitirira kwa zaka, mapeto ake angakhale kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa pamimba ndi kusowa tulo.

Ngakhale popanda choopsa, cortisol ali ndi nthawi zake. Amayamba kukwera m'bandakucha, amafika pamwamba patapita mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka, kenaka amatsika tsiku lonse kufikira pakati pa usiku. Khanda silibadwa ndi ndondomeko imeneyi, imakhazikika m'miyezi yoyambirira. Ofufuza amakonda kuyeza cortisol wa ana m'malovu, chifukwa jakisoni wotengera magazi amaopseza mwana n'kusokoneza chimene akufuna kuyezacho. Amayezanso m'tsitsi. Poti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, masentimita atatu oyandikira khungu amasonyeza cortisol wa miyezi itatu yapitayo.

Mayi akaima

Pakati pamakweza cortisol mwachibadwa, mayi akhale ndi nkhawa kapena ayi. Pofika miyezi itatu yomaliza, cortisol wa m'magazi mwake amakhala wochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa asanaime. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti nsengwa nayo imapanga homoni ya CRH ija.

Kukwera kumeneku kuli ndi ntchito. Mwana wa m'mimba amafuna cortisol kumapeto kwa pakati kuti mapapo ake akhwime, ayambe kupanga timadzi toterera timene timaletsa timatumba ta mpweya kumatana akayamba kupuma. Dokotala wa ku New Zealand, Graham Liggins, anaona zimenezi pa nkhosa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1972 iye ndi Ross Howie anasonyeza ku Auckland kuti mankhwala ofanana ndi cortisol amapulumutsa ana obadwa masiku asanakwane. Jakisoni wa dexamethasone amene amayi amabayidwa m'zipatala matenda akayamba msanga anachokera pamenepo.

Choncho cortisol si mdani. Nkhani yagona pa muyeso ndi nthawi. Homoniyi imauza maselo kuti asiye kuchulukana, ayambe kukhwima. Uthenga wotere ndi wabwino mwana akayandikira kubadwa, koma ukafika msanga ndiponso mobwerezabwereza, ziwalo zimakhwima zisanakule mokwanira.

Thupi lili ndi chotetezera. Nsengwa imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: muli chinthu chotchedwa 11-beta-HSD2 chimene chimagwira cortisol wa mayi n'kumusandutsa cortisone, amene alibe mphamvu. Pa magawo 100 a cortisol, 80 mpaka 90 amathera pamenepo, ndipo ochepa okha ndi amene amadutsa. Komabe poti cortisol wa mayi ndi wochuluka kwambiri kuposa wa mwana, kudontha pang'ono kumaonekera kwambiri kumbali ya mwanayo.

Mphamvu ya chotetezerachi sikhala imodzimodzi. Ofufuza a ku London anayeza nsengwa za amayi ochira kudzera mu opaleshoni, ndipo anapeza kuti amene anali ndi nkhawa yaikulu nsengwa zawo zinkapanga 11-beta-HSD2 wochepa. Pa makoswe, chakudya chosowa zomanga thupi chimachitanso chimodzimodzi. Umboni wina unachokera kosayembekezeka. Anthu a ku Finland amakonda maswiti akuda opangidwa ndi muzu wa liquorice, ndipo mu muzuwo muli mankhwala ofooketsa chotetezera chimenechi. Gulu la Katri Räikkönen ku Helsinki linapeza kuti ana a amayi amene ankadya maswitiwa kwambiri ali ndi pakati anali ndi cortisol wokwerapo pa zaka 8. Mu 2016 dziko la Finland linalangiza amayi apakati kuti azipewa liquorice.

Cortisol si njira yokhayo. Mayi wovutika maganizo nthawi zambiri sadya bwino, sagona, amachedwa kuyamba sikelo, ndipo ena amathawira ku mowa kapena fodya. Zonsezi zimafika kwa mwana paokha.

Kumene umboni unachokera

Palibe amene angazunze mayi wapakati dala kuti aone zotsatira zake. N'chifukwa chake umboni woyamba unachokera ku nyama. Makoswe aakazi akamapanikizidwa m'kabotolo kothina tsiku ndi tsiku kumapeto kwa bere, ana awo amakula ali ndi zolandirira zochepa mu ubongo, ndipo akaopsezedwa mahomoni awo amachedwa kutsika. Anyani asonyezanso zofanana.

Kwa anthu, maganizo akuti moyo wa m'mimba umakhudza thanzi la munthu wamkulu anatchuka ndi David Barker wa ku Southampton ku England. Pogwiritsa ntchito mabuku akale a azamba a m'chigawo cha Hertfordshire, anasonyeza mu 1989 kuti amuna amene anabadwa ochepa thupi ankafa kwambiri ndi matenda a mtima atakula. Ena anatsatira anthu amene anali m'mimba pa njala ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945, pamene chakudya chogawa chinatsika kufika pa makalori 400 mpaka 800 patsiku, ndipo anawapeza ndi mavuto ochuluka a shuga ndi mtima atakula. Imeneyi inali njala, osati nkhawa yokha, koma inatsegula khomo.

Kafukufuku wamkulu wa nkhawa yeniyeni anachitikira ku Bristol, kumene amayi apakati pafupifupi 14,000 analembedwa mu 1991 ndi 1992 n'kumatsatiridwa pamodzi ndi ana awo. Thomas O'Connor ndi Vivette Glover anayeza malovu a ana 74 a m'gululi ali ndi zaka 10. Ana a amayi amene anali ndi nkhawa yaikulu pa masabata 32 a pakati anali ndi cortisol wokwerapo podzuka m'mawa, ngakhale ofufuzawo atachotsapo nkhawa imene mayi anali nayo mwana atabadwa kale. Ku California, Elysia Davis ndi Curt Sandman anayang'ana makanda a tsiku limodzi pamene akubayidwa kuchitendene kuti atengedwe magazi. Makanda a amayi amene cortisol wawo anali wokwera kumapeto kwa pakati anatulutsa cortisol wambiri pa ululu womwewo.

Masoka achilengedwe amapereka umboni wa mtundu wina, chifukwa sasankha wolemera kapena wosauka, wamantha kapena wolimba mtima. Mu Januwale 1998 mvula youndana inagwetsa mapolo a magetsi ku Quebec ku Canada, ndipo anthu pafupifupi mamiliyoni atatu anakhala mu mdima pakati pa nyengo yozizira, ena mpaka masiku oposa 40. Suzanne King wa pa yunivesite ya McGill anatsatira ana amene anali m'mimba pa nthawiyo. Anapeza kuti kukula kwa mavuto enieni amene mayi anakumana nawo, monga kuchuluka kwa masiku opanda magetsi, kunkayenderana ndi kuchedwa kwa mwana pa kuyankhula ndi pa mayeso a nzeru, mosatengera mmene mayiyo ankamvera mumtima. Gulu lomwelo linatsatiranso ana a ku Iowa ku America pambuyo pa kusefukira kwa madzi kwa 2008, ndipo pa zaka ziwiri ndi theka, ana a amayi ovutika kwambiri ankatulutsa cortisol wambiri mayi akawasiya okha kwa kanthawi.

Pena amakwera, pena amatsika

Anthu ambiri amaganiza kuti mayi wankhawa amabereka mwana wa cortisol wambiri basi. Umboni sukunena choncho. Rachel Yehuda wa ku New York anatsatira amayi 38 amene anali ndi pakati ndipo anali mkati kapena pafupi ndi nyumba za World Trade Center pamene zigawenga zinazigumula pa 11 Seputembala 2001. Ena mwa iwo anadwala matenda a maganizo obwera pambuyo pa zoopsa, amene munthu amaona zimene zinachitika zija zikubwereranso m'maloto ngakhale masana. Amayi amenewa anali ndi cortisol wochepa, ndipo ana awo, atayezedwa ali ndi pafupifupi chaka, analinso ndi cortisol wochepa, makamaka amene anali m'miyezi itatu yomaliza pa tsikulo.

Zofanana zinapezeka ku Rwanda. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anayerekeza amayi 25 a mtundu wa Tutsi amene anali ndi pakati m'dzikomo pa nthawi ya kuphana kwa 1994 ndi anzawo 25 amene anali kunja. Amene anaona zoopsazo, pamodzi ndi ana awo, anali ndi cortisol wochepa, ndipo anawo anali ndi zizindikiro zambiri za matenda a maganizo.

Cortisol wochepa kwambiri si chizindikiro cha mtendere. Amasonyeza kuti kayendedwe konse kasokonekera, mwina chifukwa ubongo wayamba kuzimitsa msanga kuposa muyeso. Mbali imene mwana angapendekere imadalira mtundu wa vuto, kutalika kwake, mwezi umene linagwa, msinkhu umene mwana wayezedwa, ndiponso ngati ali wamwamuna kapena wamkazi.

Chizindikiro chotsala pa DNA

Funso lovuta linali lakuti chinthu chochitika m'miyezi yochepa chingakhalitse bwanji zaka. Yankho lina linachokera kwa Michael Meaney ndi anzake ku Montreal. Iwo anaona kuti makoswe aakazi amasiyana: ena amanyambita ana awo kwambiri m'sabata yoyamba, ena pang'ono. Ana onyambitidwa kwambiri ankakula ali ndi zolandirira zambiri mu ubongo ndiponso osachita mantha msanga. Atasinthanitsa anawo, anapeza kuti amatsatira kholo lowalera, osati lowabereka.

Mu 2004 anafotokoza mmene zimachitikira. Pafupifupi m'selo iliyonse muli DNA, imene ili ndi malangizo opangira zinthu zonse za m'thupi, kuphatikizapo zolandirira cortisol. Malangizowo sasintha, koma timankhwala tating'ono totchedwa methyl tingamate pamwamba pa gawo lina la DNA, ndipo selo imavutika kuwerenga gawolo. Ana osanyambitidwa anali ndi timankhwalati tambiri pa gawo la zolandirira.

Ofufuza anayamba kufunafuna chizindikiro chomwecho mwa anthu. Ku Vancouver mu 2008, Tim Oberlander anachipeza m'magazi a mumchombo a ana amene amayi awo anali ovutika maganizo m'miyezi yomaliza, ndipo ana amenewo ankatulutsa cortisol wambiri pa miyezi itatu. Ku Germany chinapezeka mwa achinyamata amene amayi awo ankamenyedwa ndi amuna awo ali ndi pakati. Ku Goma, kum'mawa kwa dziko la Congo, Connie Mulligan ndi anzake anachipeza mu 2012 mwa makanda a amayi amene anazunzika ndi nkhondo, ndipo makandawo analinso opepuka pobadwa.

Polekezera umboniwu

Nkhani zoterezi zimakoma m'manyuzipepala, ndipo nthawi zambiri zimakokomezedwa. Kafukufuku wa ku New York, wa ku Rwanda ndi wa ku Goma anali wa anthu ochepa kwambiri. Chizindikiro cha pa DNA mwa anthu chimayezedwa m'magazi kapena m'malovu, osati mu ubongo kumene ntchito yeniyeni imachitikira. Ndiponso nkhawa imene mayi amanena kuti ali nayo siyenderana kwenikweni ndi cortisol wopezeka m'magazi mwake, zimene zikusonyeza kuti homoniyi sifotokoza zonse.

Palinso nkhani ya kumtundu. Mayi wamantha akhoza kubereka mwana wamantha chifukwa chongotengera. Ofufuza a ku Cardiff anayesa kulekanitsa ziwirizi poyang'ana ana amene pakati pawo panayambira m'chipatala, ena ndi dzira la mayi wowanyamula, ena ndi dzira la mayi wina. Kupepuka pobadwa, kubadwa msanga ndi khalidwe lovuta zinayenderana ndi nkhawa ya mayi wonyamula ngakhale pamene panalibe ubale wa magazi. Koma vuto la kusakhazikika ndi kulephera kutchera khutu linaoneka pokhapokha mayi ndi mwana akakhala a magazi amodzi, kusonyeza kuti limeneli ndi lotengera.

Kukula kwa chiopsezo kuyeneranso kumveka bwino. Ku Bristol, ana a amayi a nkhawa yaikulu kwambiri amene anali ndi vuto la maganizo kapena khalidwe pa zaka 13 anali pafupifupi 12 pa 100, pamene mwa ana enawo anali pafupifupi 7 pa 100. Kusiyanako n'koona, komanso ndiye kuti ana 88 pa 100 a amayi ovutikawo analibe vutolo. Nkhawa wamba, ya tsiku la msika kapena mkangano wa kamodzi, sinapezeke kuti imavulaza. Janet DiPietro wa ku Johns Hopkins anapeza mu 2006 kuti ana a amayi athanzi amene anali ndi nkhawa yapakatikati anali patsogolo pang'ono pa kakulidwe ali ndi zaka ziwiri. Choopsa ndi vuto lalikulu, lokhalitsa, limene mayi alibe pothawira.

Mwana atabadwa

Kayendedwe ka cortisol sikatsekeka pa tsiku lobadwa. Gulu la Glover linayeza cortisol m'madzi a m'chiberekero, kenaka n'kuyesa anawo ali ndi miyezi pafupifupi 17. Cortisol wambiri anayenderana ndi kutsalira pa mayeso a nzeru mwa ana okhawo amene sankadalira mayi awo ndi mtima wonse. Mwa ana amene ankathamangira kwa mayi akaopa n'kutonthola msanga, kutsalirako sikunaoneke.

Kukhudzana khungu ndi khungu kumathandizanso. Njira ya kangaru, imene mwana wosakwana masiku amamangiriridwa pachifuwa cha mayi, inayambira ku Bogotá ku Colombia mu 1978 ndipo inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ku Israel, Ruth Feldman anatsatira ana oleredwa motere kwa zaka 10, ndipo anawapeza akugona bwino komanso akutulutsa cortisol wocheperapo akapanikizika poyerekeza ndi anzawo amene anangokhala m'makina otenthetsera.

Kumene thandizo liyenera kulunjika

Nkhaniyi si yakutali. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko osauka amayi apakati pafupifupi 16 pa 100 amakhala ndi vuto la maganizo, makamaka kukhumudwa kokhalitsa. Kafukufuku wa Robert Stewart ndi anzake pa sikelo ku Mangochi anapeza kuti mayi mmodzi pa 10 anali ndi kukhumudwa kwakukulu, ndipo kunkayenderana ndi nkhanza za m'banja ndiponso kusowa womudalira. Lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa 100. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kum'mwera, ndipo m'misasa munali amayi apakati ambiri.

Kuuza mayi wotere kuti "musamaganize kwambiri, muvulaza mwana" n'kumuwonjezera katundu. Zimene zinavulaza ana mu umboni wambiri umene taona ndi nkhondo, njala, masoka, kumenyedwa ndi matenda a maganizo osathandizidwa, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene mayi amasankha. Anamkungwi akamalangiza pa chisamba, mawu olemera ayenera kupita kwa bambo ndi kwa achibale: kusiya ndewu, kuchepetsa ntchito zolemetsa, kuonetsetsa kuti chakudya chilipo, kumuperekeza kusikelo.

Thandizo la maganizo silifuna dokotala wamkulu nthawi zonse. Ku Rawalpindi ku Pakistan, Atif Rahman anaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi kucheza ndi amayi okhumudwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati pali pafupi kutha. Miyezi 6 atachira, amene anali odwalabe anali 23 pa 100, pamene m'gulu losalandira thandizolo anali 53 pa 100. WHO inasindikiza njirayi mu 2015 pa dzina la Thinking Healthy. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ndi kuwathandiza kuthetsa mavuto awo atakhala pa benchi kunja kwa chipatala, ndipo njirayi yafalikira kumaiko ena.

Kuyambira mu 2016, WHO imalangiza kuti mayi wapakati azionana ndi azaumoyo kosachepera maulendo 8, woyamba pasanathe miyezi itatu. Maulendo amenewa si oyeza mimba ndi magazi okha. Mayi amene kwa masabata awiri kapena kuposerapo sakugona, sakufuna kudya, akungolira, sakusangalala ndi chilichonse, akumenyedwa kunyumba, kapena akuganiza zodzivulaza, auze namwino kapena mzamba pa ulendo womwewo, ndipo amene ali kale pa mankhwala a maganizo asawasiye yekha asanakambirane ndi dokotala.